Mwana amene anabatizidwa ndi dzina la mayi ake: lipoti la kafukufuku wa banja lochokera ku Mecklenburg

Mayi wina wa ku Wisconsin, m'dziko la America, anandilembera patangopita miyezi iwiri chiikireni maliro a bambo awo. Pokonza m'nyumba ya malemuwo anapeza bokosi la nsapato, ndipo m'bokosimo munali Baibulo lachijeremani lothothoka chikuto, zithunzi zinayi zopanda mayina kumbuyo, ndi kapepala kamene azakhali awo analembapo mbiri ya banja monga anaimvera kwa akuluakulu. Chimene ankafuna chinali kudziwa mudzi umene makolo awo anachokera ku Germany, kuti akaupondeko akadali ndi mphamvu. Mayina a anthu ndi a midzi sindiwatchula. Munthu amene anawoloka nyanja ndi banja lake ndizimutcha kholo, ndipo mwana wake wachisamba, amene anali agogo a bambo a mayiwa, ndiye mwini nkhani yonseyi ngakhale poyamba palibe amene ankamuganizira.

Kapepala ka azakhali kanali ndi mfundo zitatu: kuti khololo linachokera ku Prussia, limodzi mwa mayiko achijeremani a nthawiyo, kuti linathawa usilikali, ndi kuti dzina la banja linasinthidwa ndi kalaliki wa ku Ellis Island, malo olandirira anthu obwera ku New York, chifukwa linamuvuta kulemba. Mfundo yachitatuyi ndinaichotsa tsiku loyamba lomwelo. Ellis Island inayamba kulandira anthu pa 1 Januwale 1892, pamene banjali likupezeka kale m'kalembera wa America wa 1870, choncho ngati linatsikira ku New York ndiye kuti linadzera ku Castle Garden, malo amene anagwira ntchitoyi kuyambira 1855 mpaka 1890. Komanso ngakhale ku Ellis Island komweko makalaliki sankapatsa anthu mayina atsopano, popeza ankangoyerekeza munthu ndi mndandanda umene a kampani ya sitima anali atalemba kale. Dzina la banjali lili ndi chilembo cha timadontho tiwiri pamwamba, ndipo kusintha kwake ndinakuona kukuchitika pang'onopang'ono m'zolemba za ku Wisconsin komweko, monga mmene Müller amasandukira Mueller kenako Miller. Kalembedwe kachingerezi kanakhazikika m'badwo wa zidzukulu, cha m'ma 1917 ndi 1918, pamene America inali pankhondo ndi Germany ndipo kukhala ndi dzina lachijeremani kunali kudziitanira mavuto. Nditawafotokozera zimenezi, mayiwo anaseka n'kunena kuti azakhali awo akanamva akanakana mpaka mawa.

Ndinayamba monga mwa nthawi zonse, kuchokera pa zodziwika kubwerera m'mbuyo. Kalembera wa 1900 ndi wothandiza kwambiri pa mabanja otere chifukwa amafunsa mwezi ndi chaka chobadwira, chaka cholowera m'dziko, zaka zimene anthu akhala m'banja, ndiponso chiwerengero cha ana amene mayi anabereka ndi amene akadali moyo. M'kalembera ameneyu khololo ndi mkazi wake anali okalamba, akukhala pafamu ya mwana wachisamba uja. Malo obadwira analembedwa kuti Germany basi. Mu 1880 analemba Prussia. Mu 1870 analemba Mecklenburg. Kalembera wa 1890 sakanatithandiza, chifukwa pafupifupi yense anawonongeka ndi moto umene unabuka ku Washington mu Januwale 1921.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo kulakwaku kunandidyera miyezi itatu. Ndinali ndi mayankho atatu osiyana, koma ndinasankha la 1880 chifukwa linkagwirizana ndi kapepala ka azakhali, n'kumadziuza kuti wolemba kalembera wa 1870 ayenera kuti anasokoneza banjali ndi oyandikana nalo. Kuganiza kwabwino kukanakhala kwina: munthu wa ku America wolemba kalembera sangangopeka dzina la Mecklenburg, pamene dzina la Prussia linali pakamwa pa aliyense, makamaka mayiko achijeremani atagwirizana kukhala ufumu umodzi mu 1871 motsogozedwa ndi Prussia. Yankho lakale kwambiri, limene linaperekedwa banja litangofika kumene, ndiponso losazolowereka kwambiri, ndilo linayenera kukhulupiriridwa. Mecklenburg-Schwerin linali dziko palokha, lolamulidwa ndi mfumu yakeyake, ndipo silinali mbali ya Prussia.

Ndi maganizo a Prussia m'mutu, ndinalowa m'mindandanda ya okwera sitima ya ku Hamburg, doko la ku Germany. Mindandanda imeneyi ndi chuma chenicheni, popeza ilipo kuyambira 1850 mpaka 1934 ndipo imatchula malo amene munthu ankakhala asananyamuke, zimene mindandanda ya ku New York ya nthawi imeneyo siichita. Ya ku Bremen, doko lina lalikulu la anthu osamuka, yambiri ya zaka zimenezo inatayidwa, choncho wofufuza aliyense amapemphera kuti banja lake likhale loti linadzera ku Hamburg. Sindinachedwe kupeza mwamuna wa dzina lomwelo, wa msinkhu woyandikira, wochokera m'mudzi wina wa ku Pomerania, chigawo chimene chinalidi cha Prussia. Anakwera yekha, zimene ndinazimasulira kuti anatsogola kukakonza malo banja n'kumutsatira pambuyo, komanso kuti zikugwirizana ndi nkhani yothawa usilikali. Mudziwo uli m'dera limene linapita ku Poland mu 1945, ndiye ndinataya nthawi kufunafuna dzina lake latsopano lachipolishi ndi kulembera makalata kosungira zolemba zakale. Choipa kwambiri n'chakuti ndinawauza mayi aja kuti mudzi wapezeka, iwonso n'kuyamba kufunsa mitengo ya ndege.

Chimene chinandidzutsa chinali chinthu chaching'ono. Ndinkafuna kupeza sitima imene mkazi ndi ana anakwera pomutsatira, koma sindinawapeze paliponse. Nditabwerera ku kalembera wa 1900 ndinaona kuti bambo, mayi ndi mwana wachisamba onse anapereka chaka chimodzi cholowera m'dziko. Pamenepo ndinachita zimene ndinayenera kuchita poyamba, kumutsata munthu wa ku Pomerania uja kuti ndione kumene anathera, ndipo ndinamupeza m'kalembera wa 1880 ali m'chigawo china kutali ndi Wisconsin, ndi mkazi wina ndi ana ena. Anali munthu wina. Ndinawaimbira mayiwo n'kuwauza mosabisa kuti ndawasocheretsa, ndipo maola amene ndinathera pa munthu ameneyu sindinawalipiritse. Iwo anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Bambo, bola mwanena ndisanagule tikiti." Kuyambira pa nkhani imeneyi sindilandiranso munthu wa pamndandanda wa sitima kuti ndi wathu ndisanatsimikize kuti sakupezeka kwina akukhala moyo wake.

Nditabwerera ku America ndinayesa mapepala a unzika, ngakhale sindinkayembekezera zambiri. Chisanafike chaka cha 1906 munthu ankatha kupempha unzika kukhoti lililonse losunga zolemba, ndipo mapepala ake kawirikawiri sankatchula mudzi, mkazi kapena ana. Kudzera ku Wisconsin Historical Society, bungwe losunga mbiri ya chigawochi, ndinapeza pepala loyamba, limene munthu amalengezerapo kuti akufuna kudzakhala nzika. Mudzi panalibe, koma panali mawu akuti akukana ulamuliro wa mfumu ya Mecklenburg-Schwerin, ndipo m'malo mosaina panali kamtanda. Pepala lachiwiri, lomalizitsa unzika, silinapezeke, ndipo izi sizodabwitsa ku Wisconsin, kumene kuyambira 1848 mwamuna wobwera amene wangolengeza cholinga chake ankaloledwa kuvota, moti ambiri sankaona chifukwa chobwereranso kukhoti. Zikalata za boma za imfa nazonso sizinathandize, chifukwa kulembetsa imfa ndi kubadwa kunakhazikika bwino m'chigawo chonsecho mu 1907, okalambawo atamwalira kale.

Chinatsala ndi tchalitchi. Banjali linali la mpingo wa Lutheran, ndipo tchalitchi chawo cha kumudzi chinaphatikizidwa ndi china zaka zambiri zapitazo. Mabuku ake sanali pa FamilySearch kapena pa Ancestry, malo a pa intaneti osungira zolemba za mbiri ya mabanja. Atafunsafunsa, mayi aja anawapeza m'kabati ya mu ofesi ya mpingo, pansi pa mabuku a nyimbo akale, ndipo mlembi wa mpingo anawalola kujambula masamba ndi foni. Palibe aliyense pampingopo amene ankatha kuwawerenga, popeza analembedwa m'Chijeremani ndi kalembedwe kakale kotchedwa Kurrent, mmene e amaoneka ngati n, s wamtali amafanana ndi f, ndipo u amazindikirika ndi kambedza kamene kali pamwamba pake. Zithunzi zoyamba zinali zosaoneka bwino, ndiye ndinawapempha kuti abwererenso masana, aike bukulo pafupi ndi zenera, ndipo ajambule tsamba lonse, osati mzere wa banja lawo wokha.

Pempho lojambula tsamba lonselo ndi limene linatsegula nkhani. Abusa a mpingowo anali munthu wosamala, amene polemba maliro ankatchula tsiku ndi malo obadwira a malemu, matenda amene anamwalira nawo, ndi vesi limene analalikira. Pa maliro a khololo analemba dzina la mudzi ndi mawu akuti Mecklenburg-Schwerin. Chilembo choyamba cha dzina la mudziwo chinandivuta, koma patsamba lomwelo panali anthu ena awiri ochokera kumudzi womwewo, ndipo pa mmodzi wa iwo abusawo analemba mosathamanga. Nditayang'ana mabuku a ubatizo ndinaona kuti mabanja atatuwa ankaimirana umboni pa ubatizo wa ana awo kwa zaka makumi awiri. Anthu a m'mudzi umodzi ankasamukira malo amodzi, woyamba kupita n'kumaitana anzake ndi makalata, choncho mboni za ubatizo n'zofunika kuzilemba zonse ngakhale dzina lawo likhale lachilendo.

Dzina la mudzi palokha silinali lokwanira, chifukwa ku Germany kuli midzi ingapo ya dzina limenelo. Buku la mayina a malo la Meyers, la m'chaka cha 1912, linandisonyeza kuti wa ku Mecklenburg unali esiteti ya bwana mmodzi, yopanda tchalitchi, ndipo anthu ake ankabatizidwa ndi kukwatitsidwa kumudzi wina woyandikana nawo. Boma la Germany linayamba kulemba lokha za kubadwa, maukwati ndi imfa m'dziko lonse pa 1 Januwale 1876, ndiye pa zaka zathuzi mabuku a tchalitchi ndiwo anali kalembera yekhayo wa zimenezi. Ubatizo wa khololo ndinaupeza msanga, pa tsiku lomwe abusa a ku Wisconsin analemba. Anali ndi mayina atatu, loyamba Johann monga abale ake onse aamuna, ndipo limene ankaitanidwa nalo linali lachitatu. Ubatizo wa mkazi wake nawonso unapezeka. Makolo a onse awiri ndinawatsata mpaka m'kalembera wa Mecklenburg-Schwerin wa 1819, amene amatchula tsiku ndi malo obadwira a munthu aliyense m'nyumba.

Koma mwana wachisamba uja, mzere weniweni wa mayi amene anandituma, sanapezeke. Ndinawerenga ubatizo wa chaka chake chobadwa, chaka cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, ndipo mwana wa dzina la banjalo panalibe. Ukwati wa makolo ake nawonso sunali pamene ndinkauyembekezera, chaka chimodzi kapena ziwiri mwanayo asanabadwe. Ndinatsala pang'ono kuganiza kuti anabadwira pa esiteti ina, poti antchito a m'maesiteti ankasamukasamuka. Chimene chinandibweza chinali nambala ya zaka za m'banja m'kalembera wa 1900, imene inali yochepa ndi zinayi poyerekeza ndi zaka za mwanayo. Poyamba ndinaitenga ngati kuiwala kwa okalamba. Tsopano ndinaitenga monga inalembedwera, ndipo ndinasiya kufunafuna dzina n'kuyamba kufunafuna tsiku, limene ndinali nalo kuchokera m'buku la ku Wisconsin lolembamo achinyamata olowa chikhristu chonse.

Pa tsiku limenelo panali mwana wamwamuna wa mayina oyamba omwewo, wobatizidwa ndi dzina la banja la mayi ake. Pambali pa dzina lake abusa analemba mawu akuti unehelich, kutanthauza wobadwa kunja kwa ukwati. M'danga la bambo munalembedwa kuti wantchito wina wa pa esiteti yomweyo wavomera kuti mwanayo ndi wake, ndipo dzina lake linali la kholo lathu. M'mphepete mwa tsamba, ndi inki ina, munali mawu owonjezera onena kuti makolowo anakwatirana pambuyo pake. Patapita zaka zitatu panabadwanso mtsikana, wolembedwa mwanjira yomweyo, bambo yemweyo. Ukwati unachitika mwana woyamba ali ndi zaka zinayi, kutatsala masabata ochepa kuti banjalo linyamuke.

Izi zimamveka pokhapokha munthu atadziwa mmene moyo unalili ku Mecklenburg. Ukapolo wa pamunda, umene unkamangirira anthu ku esiteti imene anabadwira, unathetsedwa mu 1820, koma minda yambiri inakhalabe m'manja mwa eni maesiteti. Wantchito wa tsiku, amene iwo amati Tagelöhner, sankaloledwa kukwatira ngati alibe chilolezo chokhazikika pamalo ndi nyumba yokhalamo, ndipo pa esiteti zonsezi zinali m'manja mwa bwana, amene sankafuna kuchulukitsa mabanja oti adzawasamalire akadzasauka kapena kukalamba. Zotsatira zake zinali zakuti anthu ambiri ankakhala ngati banja kwa zaka, ana n'kumabadwa, ukwati osaloledwa. Zoletsa zimenezi zinachotsedwa ndi lamulo la chitaganya cha mayiko a kumpoto kwa Germany mu 1868, koma banja lathuli silinadikire. M'kalembera wa Mecklenburg wa Disembala 1867 makolo a mkaziyo akupezeka pa esitetiyo, pamene iye, mwamuna wake ndi ana kulibe.

Ndi dzina la mudzi m'manja ndinabwerera ku mindandanda ya ku Hamburg, ndipo ulendo uno sindinafufuze ndi dzina la banja koma ndi malo ochokera, dzina loyamba la mkazi ndi zaka za ana. Banjalo linalipo nthawi yonseyi. Amene anakopera mndandandawo kuti ulowe m'kompyuta anawerenga molakwa chilembo choyamba cha dzina, n'chifukwa chake sindinalione. Pa chithunzi cha tsamba lenilenilo pali mwamuna, mkazi, mnyamata wa zaka zinayi ndi khanda lalikazi, onse ndi dzina la bambo, ndipo mizere iwiri pansi pawo pali limodzi la mabanja aja a mboni za ubatizo. Munthu wothawa usilikali sayenda chonchi, ndi mkazi, ana ndi anansi, dzina ndi mudzi wake zitalembedwa poyera. Khandalo silikupezeka m'kalembera wa 1870, ndipo mu 1900 mayi ake ananena kuti ana awiri mwa amene anabereka anamwalira, pamene m'buku la maliro la ku Wisconsin muli mmodzi yekha. Mu lipoti ndinangolemba kuti mtsikanayo anakwera sitima ku Hamburg ndipo pofika 1870 sanalinso m'nyumbamo.

Panali funso la mmene ndiwauzire mayiwo. Ena mwa ife ofufuza mbiri za mabanja timakonda kufewetsa nkhani zotere mpaka kuzibisa, ena timaziponya ngati mwala. Ndinasankha kuwatumizira chithunzi cha tsambalo, mawu ake achijeremani monga alili, kumasulira kwake, ndi ndime ziwiri zofotokoza malamulo a ukwati a nthawiyo, zonse pamodzi, kuti mawu akuti unehelich asawafike okha. Kenako tinalankhula pafoni. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Ndiye kuti dzina limene takhala nalo zaka zonsezi si lathu?" Ndinawayankha kuti zolemba zikusonyeza kuti bamboyo anavomera mwanayo pamaso pa abusa, anaberekanso wina ndi mkazi yemweyo, anamukwatira, ndipo anamwalira ali m'nyumba ya mwana yemweyo, koma kuti buku la tchalitchi limasunga zimene anthu ananena, osati magazi.

Iwo anafuna kupitirira pamenepo, ndiye tinakambirana zoyeza DNA ya mzere wa amuna, imene imachoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna. Mlongo wawo anavomera kuyezedwa. Tinafunikanso mwamuna wochokera kwa mmodzi wa ana amene anabadwira ku Wisconsin ukwati utachitika kale. Woyamba amene tinamupeza anakana, ndipo ndinawalangiza mayiwo kuti asamukakamize kapena kumutumira achibale ena. Wachiwiri anavomera nditamufotokozera momveka kuti zotsatira zikhoza kuulula zimene sakuziyembekezera, ngakhale za mzere wake womwe. Zotsatira zinagwirizana. Mu lipoti ndinalemba kuti kuyeza kotere kumasonyeza kuti amuna awiriwo ndi a mzere umodzi, koma pakokha sikungasiyanitse khololo ndi mchimwene wake. Ndi kuphatikiza kwake ndi mawu a m'buku la ubatizo kumene kunandichititsa kunena kuti nkhaniyi yatsimikizika.

Lipoti lomaliza linali ndi mibadwo isanu ndi iwiri, ndipo ndinaikamo tsamba lapadera lofotokoza za munthu wa ku Pomerania uja ndi chifukwa chimene si wathu, popeza ndinaona kuti anthu ena pa intaneti amulumikiza kale ku banjali monga ndinachitira ine. Zithunzi za mabuku a mpingo tinazipereka kwa mlembi uja pamodzi ndi mndandanda wa mayina amene ndinawerenga, kuti wina akadzabwera asadzayambirenso pansi.

Mayiwo anapita ku Germany chaka chotsatira ndi mwana wawo wamkazi. Nyumba za antchito za pa esitetiyo kulibenso, ndipo kumanda sanapezeko dzina lawo, zimene ndinali nditawachenjeza kale, chifukwa ku Germany manda amagwiritsidwanso ntchito pakapita zaka ndipo wantchito wa tsiku sakanakhala ndi mwala wokhalitsa. Tchalitchi cha njerwa cha kumudzi woyandikana nawo uja chilipo, ndipo munthu wosunga makiyi anawatsegulira. Atabwerako ananditumizira chithunzi cha tsamba loyamba la Baibulo lothothoka lija, pamene pansi pa dzina la mwana wachisamba analembapo ndi pensulo dzina la banja la mayi ake, ndi pempho lakuti tsopano ndiyambe kutsata mzere wa mayi ameneyo.